Tisadumphe phunziro la malo a manambala ku sekondale

Mkonzi,

Ndine mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina yoyendera kuno ku Thyolo, ndipo pali nkhani imene ikundisowetsa mtendere. Nditalandira ana a Fomu 1, ndinalemba 4,072 pa bolodi n'kufunsa kuti 7 ameneyu akuimira chiyani. Ambiri anayankha kuti 7 basi. Ochepa okha ndiwo anati 70.

Ife aphunzitsi timati izi ndi za ku pulayimale, ndiye timangodutsa. Komatu mwana amene sangathe kumasula 4,072 kukhala 4,000 + 70 + 2 saona n'komwe ntchito ya ziro uja, kuti akusunga malo a mahandiredi, ndipo kumuchotsa nambala isanduka 472. Mwana wotere akafika pa standard form, njira ija yolembera nambala monga 4,072 kuti 4.072 × 10³, amangoloweza osamvetsa kanthu.

Pa madesimo ndiye pamavuta zedi. Makolo a ana ambiri kuno amathyola tiyi, ndipo masamba amapimidwa pa sikelo. Komabe ana ena amaona ngati makilogalamu 12.5 ndi 12.05 n'chimodzimodzi, chonsecho akusiyana ndi magalamu 450. Limenelitu ndi thukuta la mayi awo.

Ine chandithandiza ndi ndalama. Ndimadula timapepala toimira K1,000, K100 ndi K10, n'kuuza mwana kuti andilipire K3,240. Amayala atatu, awiri, anayi, osalakwitsa. Kenako timalemba 3 × 1,000 + 2 × 100 + 4 × 10, ndipo 10³ (kutanthauza 10 × 10 × 10, kapena kuti 1,000) akamabwera sakhalanso mlendo.

Aphunzitsi anzanga, chonde tipatule sabata imodzi yokha ya teremu yoyamba tibwereze phunziroli.

Mphunzitsi wokhudzidwa,
Thyolo