Kalata yopita ku St John's, Canada

Aise Yohane,

Kalata yako yafika, chithunzi chomwe. Chijasi wavalacho ndinayesa chilombo chotuluka kudambwe. Kumazizira choncho kumeneko?

Ndiye wati mukuphunzira za nsomba ija ya cod, kuti anaikokolola mpaka boma la Canada linatseka usodzi wake mu 1992, anthu zikwizikwi n'kutha ntchito. Koma iwe, mpaka kukwera ndege kuti ukamve zimenezo? Ukanangolawirira padoko pano pa Senga Bay n'kufunsa chambo. Akanakulozera kasawala, tiana ta chambo, m'beseni, mtengo wake n'kukubweza wekha.

Zotseka nyanja nthawi yoswana nsombazo usatinamize kuti n'zatsopano. Ku chilumba cha Mbenji a mfumu Makanjira anayamba kutseka m'ma 1950, opanda kompyuta. Ikakwana Disembala aliyense achoke pachilumba, kubwerera ndi Epulo. Mowa ayi, chamba ayi, juga ayi, akazi osapondako. Utaka wa kumeneko ukuudziwa wekha kunona kwake. Ukawauze aphunzitsi akowo, mwina angakuwonjezere malikisi.

Ofufuza kunonso amabwera, ndi sikelo ndi rula, kuyeza nsomba imodziimodzi, kufunsa maukonde a chilimira angati alowa usiku. Ndi ana aulemu ndithu. Koma chikundisowetsa tulo ine ndi masikito. Amalume ako a Saidi alumikiza maneti onse a m'nyumba, amene anawalandira kuti azigonamo, n'kumakokera m'mphepete muja moswana nsomba. Simutuluka kanthu mmenemo, ngakhale kamwana kosaoneka maso. A komiti ya padoko analanda n'kuwotcha, sabata isanathe anasoka ena. Nditawafunsa anangoti, "Ana adya rula?" Ndinasowa poyambira. Tsono usiku ana omwewo udzudzu ukuwadya, neti ili padzuwa kuuma, kununkha nsomba.

Ndikagona ndimangoona zimenezi. Tsiku lina alendo adzatsika basi pa Kamuzu Road kufuna chambo, ife n'kuwakazingira soya. Nkhwazi zidzayamba kulimbirana anapiye ndi akabawi. Iwe udzabwera ndi digiri yako ya nsomba, nyanja ili madzi okhaokha, uzidzayeza achule. Ndikuseka, koma bambo anga anatiphunzitsa sukulu tonse ndi matchera, lero mwana wanga Dalitso ndimusiyira chiyani?

Esinati anabereka mapasa mwezi watha, onse ali bwino. Agogo a Nasibeko tinaika, uja unamva kale.

Mwera chaka chino wavuta, mabwato akungokhala pamtunda, usipa wakwera, mafuta a injini osanena. Tochi ija unandisiyira inafa, ndiye ukamabwera usabweretse mabuku okhaokha. Komanso undifunsireko kwa anzakowo, nsomba yawo ija atatseka, asodziwo ankadya chiyani? Chifukwa a Saidi ndikawauza kuti adikire, ndiyenera kukhala ndi chowa...

Magetsi azima, pepalanso latha. Zinazo m'kalata ina.

Ndine,
Limbani