Zikomo chifukwa cha zikwangwani za ku Ypres

Kwa akuluakulu a Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali ofera kunkhondo,

Ndine Mmalawi wokhala kuno ku Britain, ndati ndilembe kungothokoza basi chifukwa cha zikwangwani zobiriwira zija munaika m'misewu ya ku Ypres ku Belgium, zolozera anthu ku manda a asilikali a nkhondo ya 1914 mpaka 1918.

Mwezi watha ndinapita kumeneko ndi mwana wanga wamkazi, tinachita hayala njinga m'tauni, koma tisanapite patali foni inathima batire itatha ndipo mapu onse anali momwemo, ndiye tangoganizani anthu awiri osadziwa chilankhulo cha kumeneko tili pakati pa minda, ng'ombe zokha zikutiyang'ana. Zinatipulumutsa ndi zikwangwani zanuzo, tikafika pamphambano timangowerenga dzina la manda n'kukhotera komwe chaloza. Zinatifikitsa mpaka ku Tyne Cot komwe kwagona anthu pafupifupi 12,000, ambiri mwa iwo osadziwika mayina.

Koma ine pomwe panandigwira mtima ndi pa timanda ting'onoting'ono tobisika kuseri kwa mafamu, toti popanda chikwangwani munthu ungadutse osadziwa kuti pagona ana a eni. Kanjira kake kaudzu wotchetcha bwino, pageti pali kabokosi kachitsulo, mwana wanga anatsegula n'kupezamo buku la mayina, anakhala pansi n'kumawerenga mokweza limodzilimodzi ndi zaka zawo, ena 19, ena 20. Madzulo 8 koloko tinali pa chipata chachikumbutso cha Menin Gate ku Ypres komweko kumvera malipenga a Last Post, mwambo womwe unayamba mu 1928, makoma onse odzaza mayina opitirira 54,000 a asilikali omwe manda awo sadziwika.

Ena amaona ngati chikwangwani ndi kanthu kachabechabe koti bajeti ikavuta n'koyamba kudula, chonde inu musatero, si mlendo aliyense angakwanitse kulipira munthu womuperekeza.

Nkhondo imeneyi kwathunso inafika. Pa 9 September 1914 kunamenyedwa nkhondo ku Karonga, ndipo amuna ambirimbiri a ku Nyasaland anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali ngati amtengatenga. Agogo anga ankakonda kutchula amalume awo omwe anapita ndi katundu pamutu osabweranso, manda awo palibe pabanja pathu anawaonapo. N'chifukwa chake ndikuthokozaninso kuti mu 2021 munatulutsa lipoti lovomera poyera kuti anthu a mu Africa oposa 100,000 omwe anafera pankhondoyi sanakumbukiridwe ndi mayina awo, ndipo mu January 2025 munatsegula chikumbutso ku Cape Town cha mayina opitirira 1,700. Pitirizani kufufuza mpaka mufike kwa amtengatenga a kwathu, tsiku lomwe mudzaike chikwangwani cholozera kwa iwo ine ndidzakwera ndege ndi mwana yemweyu.

Ine wanu woyamikira,
Mmalawi wa ku Leeds