Kodi ndinali kapitawo kapena mwini ntchito?

Azakhali,

Ndikulemba pano nthawi ili cham'ma 1 koloko usiku, tulo tathawa. Madzulo ano anyamata anayi amene ndinkagwira nawo ntchito anabweranso pakhomo kudzafuna malipiro awo, mmodzi atanyamula fosholo, n'kukhala pakhonde mpaka mdima. Ana anga amasuzumira pawindo.

Ndine mmisiri womanga nyumba, ndili pachikamwini kufupi ndi Chitakale kuno ku Mulanje. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba mu Malichi 2023, ntchito zomanga zinachuluka, ndipo alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, anapeza kontilakiti kubungwe lina yomanga zimbudzi pasukulu ina. Iwo anali ndi pepala la NCIC, bungwe la boma lomwe linkalembetsa makontilakitala a zomangamanga, ine ndinalibe. Anandiitana n'kunena kuti, "Alamu, pezani anyamata, muziyang'anira, ndalama ndizikupatsani." Sitinalemberane chilichonse. Munthu ungapemphe siginecha kwa malume a ana ako?

Tinagwirizana mtengo umodzi wa ntchito yonse, izi sindikana. Anandipatsa theka. Anyamata ndinawapeza ndine, njerwa ndinakatenga pangongole kwa mayi ena, m'kope mwawo munalembedwa dzina langa. Koma malipiro a tsiku anatchula ndi alamuwo. Amabwera Loweruka lililonse kudzalamula, anagumulitsa khoma lina ati lapendama, anachotsa mnyamata mmodzi osandifunsa. Wilibala yanga yomwe anaitenga kupita nayo kuntchito yawo ina, inabwera tayala litaphulika, osanena ngakhale pepani. Wilibala imeneyo ndinagula ndi ndalama ya nandolo.

Ntchito inatha, zimbudzi ana akugwiritsa ntchito. Theka lotsala silinabwere. Ndikawafunsa akuti, "Inu munatenga ntchito ngati kontilakitala wamng'ono, anyamata ndi anu, ngongole ndi yanu, ine ndidzakupatsani bungwe likamaliza kundilipira." Ndinapita kubungweko. Anandilandira bwino, koma anati sakundidziwa, iwo anapangana ndi alamu basi, ndipo sangandiuze ngati anawalipira kapena ayi.

Mphunzitsi wina wopuma anandifotokozera kuti pali kusiyana. Ukakhala wotumidwa, ukuyankhula m'dzina la wina ndipo anthu akudziwa zimenezo, ngongole imakhala ya wokutumayo. Koma ukatenga gawo la ntchito pamtengo wako, phindu lako, kuluza kwakonso, ndiye kuti amene wawalemba ndi ako, ndipo mwini ntchito wamkulu, ngati bungwe lija, alibe nawe pangano. Ndinamva. Bambo anga anali kapitawo kuesiteti ya tiyi, ndipo palibe wothyola tiyi anabwerapo kwathu kudzafuna malipiro ake. Ine ndinkadziona ngati iwowo. Nanga munthu amene sungathe kuletsa kuti mnyamata wako asachotsedwe, ungakhale mwini ntchito bwanji? Komanso mtengo umodzi uja ukundiluma mumtima, chifukwa zikanayenda bwino, yotsalayo ikanakhala yanga.

Ndinene zoona, pa theka lija pali ina imene ndinagwiritsa ntchito pavuto lina la kwathu. Sindifotokoza. Ndinkadziwa kuti ndibweza ikabwera yotsala. Mayi a kunyumba sakudziwa, akungoti ndisawachititse manyazi achimwene awo, chibale ndi fupa. Nanga ine amene ndikutchedwa wakuba pamsika, manyazi anga ndi a ndani? Zaka 14 ndamanga m'mudzi muno osaberapo munthu ngakhale thumba la simenti.

Anyamata akuti Lolemba akukandisumira kuofesi ya zantchito. Azakhali, kumeneko ndikanene kuti ndinali ndani? Kodi mauthenga a pa WhatsApp amene alamu ankandilamula nawo angakhale umboni? Ndigulitse njinga ndilipire anyamata kaye, kapena kutero ndiye kuvomera kuti ngongole yonse ndi yanga? Ndipo ndikawatengera alamu kukhoti, ndidzagonanso m'nyumba ino, yomwe ili pamalo a kwawo?

Mmisiri wosowa mtendere,
Mulanje