Ndodo za gofu zikuola m'mabuti a galimoto ku Mzuzu

A Mkonzi,

Tipatseniko mpata m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi anzathu osewera gofu kuno ku Mzuzu, pamodzi ndi anyamata amene amawanyamulira zikwama. Ife ntchito yathu ndi yokonza ndodo za gofu, ndipo zimatipweteka mtima kuona ndodo zodula, zoitanitsa ku South Africa kapena kutsidya kwa nyanja, zikutha ndi dzimbiri m'nyengo imodzi yokha yozizira.

Ambiri amaloza chala kuzizira. Kuno sikugwa chipale chofewa, ndipo ngakhale usiku wa mu Juni ndi Julayi kuzizira kumatsika mpaka pansi pa madigiri 10, chitsulo sichingathyoke nazo zimenezo. Chowononga chenicheni ndi chinyezi. Mzinda wathu uli pamtunda wa mamita oposa 1,200, m'mawa mumachita nkhungu, udzu umakhala ndi mame mpaka dzuwa litakwera, komanso mawawa sasowa. Munthu akamaliza kusewera amalowetsa ndodo zonyowa m'chikwama, n'kuponya m'buti. Masana butimo mumatentha, usiku mumazizira, ndiye nthunzi imasanduka timadontho pa chitsulo tsiku ndi tsiku. Kutenthako kumafooketsanso guluu amene amagwira mutu wa ndodo ku mpini, mpaka tsiku lina mutu umaguluka pomenya mpira.

Musanaziike padera, zitsukeni. Thirani madzi ofunda pang'ono m'ndowa ndi timadontho ta sopo wotsukira mbale. Madzi owira ayi, chifukwa amasukusa kamphete kakuda ka pulasitiki kamene kali pamene mutu umakumana ndi mpini. Viikani mitu ya ma iron ndi ma wedge (ndodo za mitu yachitsulo yopendekeka) kwa mphindi 5, madzi asafike pa kampheteko, kenako kwechani m'mizere ya pankhope (mbali yomenyera mpira) ndi mswachi wakale kuti dothi lofiira lathu lino lichokemo lonse. Dothi likatsalira limasunga madzi, ndipo dzimbiri limayambira pomwepo. Driver (ndodo yaitali yomenyera mpira patali) ndi ndodo zina za mitu yamphako musaziviike konse. Ingozipukutani ndi nsalu yonyowa.

Pa kuumitsa m'pamene ambiri amalakwa. Kupukuta ndi thaulo sikokwanira. Ziyalani ndodozo kunja kwa chikwama usiku wonse m'chipinda mopita mphepo, zovindikira mitu zili pazokha, chikwama nacho chili chotsegula matumba onse. Chovindikira chonyowa chikavekedwa pa putter (ndodo yolowetsera mpira m'dzenje), pofika Ogasiti mudzapeza nkhope yake ili mathothomathotho. Ndipo chonde musafulumizitse poziyandikiza ku mbaula. Moto umaumitsa labala wa chogwirira n'kumung'amba, umawononganso guluu.

Mipini ilipo mitundu iwiri: yachitsulo, ndi yopepuka yotchedwa graphite imene si yachitsulo. Yachitsulo imakutidwa ndi chitsulo chonyezimira chotchedwa chrome, koma pamene pakandika dzimbiri limalowa, ndipo nthawi zina limadya kuchokera m'kati mosaoneka chifukwa mpiniwo ndi wamphako. Madzi amatha kulowera pa kabowo ka kumapeto kwa chogwirira. N'chifukwa chake pansi pa chikwama pasamakhale madzi, poti ndodo zimaima chogwirira chili pansi. Mukaona timadontho ta dzimbiri, tikitani pang'onopang'ono ndi sitiliwulu wosalala kwambiri wa nambala 0000, osati uja wokwechera mapoto, kenako pakani kansalu kodonthezedwa mafuta a makina osokera. Madontho 2 kapena 3 akwanira ndodo imodzi. Ma wedge achitsulo chosakutidwa ndi amene amachita dzimbiri msanga, choncho musawadumphe. Mafutawo asakhudze chogwirira, ndipo pa nkhope ya ndodo muwapukute musanakasewere. Mipini ya graphite sichita dzimbiri. Yang'anani chabe ngati yaperesedwa pamene imakhudzana ndi mlomo wa chikwama, chifukwa imathyokera pamenepo.

Zogwirira zitsukeni ndi madzi a sopo omwewo. Thukuta ndi mafuta a m'manja zikatsalira, kuzizira kumaumitsa labala n'kukhala woterera. Chogwirira chimene chang'aluka kale palibe mankhwala ake, n'chofunika kusintha basi.

Malo osungira akhale m'nyumba yogona anthu, monga m'wodilopu kapena pakona ya chipinda, osati m'galaja ya malata kapena m'sitolo yakuseri. Pansi pa simenti pamatuluka chinyezi, ndiye ikani thabwa kaye, chikwama chiime chilili ndipo chisatsamire khoma lakunja. Malamulo a masewerawa amalola ndodo 14 zokha pa mpikisano, ndipo m'chikwama musapanikizemo zoposa pamenepo, chifukwa zimakandana. Timapaketi toyamwa chinyezi ta silica gel timene timabwera m'mabokosi a nsapato musataye; ikani tingapo m'thumba lililonse. Chotsani makoko a nthochi, mtedza ndi mabisiketi otsala, apo ayi makoswe aboola chikwama. Golovesi yachikopa iume yotambasula, popeza ikapindidwa yonyowa imachita chuku n'kuuma gwa. Makina oyezera mtunda muwachotse batire kuti lisatayikiremo.

Pakatha milungu iwiri iliyonse tulutsani ndodo zonse, zigwireni mitu mozipotoza pang'ono. Imene mutu wake ukugwedera kapena kulira m'kati isapitenso kubwalo mpaka italumikizidwanso ndi guluu wa epoxy n'kusiyidwa maola 24 kuti agwire.

Okonza ndodo za gofu,
Mzuzu