Kalata kwa Mnzanga: Za Basi Yonyamula Ana Aulumali Kupita Kusukulu

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi banja lonse kumeneko. Kuno kulibe chovuta. Kalata yanu ndailandira, ndipo ndakondwa kumva kuti komiti ya sukulu yanu yavomera zoti ana aulumali azikwera basi imodzi ndi anzawo. Mwafunsa ngati kugula basi yokhala ndi chikepe, makina okwezera mwana m'basi ali pa njinga yake ya olumala, n'kokwanira. Sikokwanira ayi. Chikepe chimangomulowetsa mwana m'basi. Chimene chimamufikitsa kusukulu osavulala ndi mmene mwamangira njinga yake komanso mmene mwamumangira iyeyo, ndipo izi ndi ntchito ziwiri zosiyana zimene anthu ambiri amaziyesa imodzi.

Musanapite kwa wogulitsa galimoto, yambani ndi anawo. Khalani pansi ndi kholo, mwana mwiniwake ndi dokotala wa mafizo, mulembe pepala limodzi la mwana aliyense. Pakhale kulemera kwake, kulemera kwa njinga, m'lifupi ndi m'litali mwa njingayo, msinkhu wake akakhala pansi, ngati amaimika mutu yekha, ngati amagwa khunyu, ndiponso nambala yoyimbira pakagwa vuto. Funso lalikulu papepalapo ndi lakuti, kodi mwanayu angathe kuchoka pa njinga n'kukhala pa mpando wa basi? Ngati angathe popanda kupwetekedwa, achite zimenezo, chifukwa mpando wa galimoto unapangidwa kuti upirire ngozi pamene njinga zambiri za olumala sizinapangidwire zimenezo. Mwana wamng'ono amatetezeka bwino mu mpando wa ana wa m'galimoto, uja wa malamba ogwira malo asanu. Njinga imene yatsala yopanda munthu imangidwenso, chimodzimodzi ndodo zoyendera ndi zikwama zolemera.

Pa zolowera m'basi, muli ndi njira ziwiri: rampu, yomwe ndi thabwa lotsetsereka lokwererapo njinga, kapena chikepe. Chimene chingakusankhireni ndi kutalika kwa pansi pa basi kuchoka pa msewu. Rampu isatsetsereke kupitirira muyezo wakuti pa sentimita imodzi yokwera pakhale masentimita 6 a m'litali. Ngati pansi pa basi patalika masentimita 30, rampu ikhale ya masentimita 180, ndipo ya 240 ndiyo yabwinopo kwa wokankha. Basi yotalika masentimita 60 ingafune rampu ya masentimita 360, imene simungaipeze poitambasulira m'mphepete mwa msewu. Pamenepo ingogulani chikepe. Rampu ikhale yathabwa limodzi, yosaterera ikanyowa, yokhala ndi mphepete zokwera masentimita 5, ndipo izikoledwa ku basi kuti isasendere. Marampu aja a tinjira tiwiri tosiyana sindiwakonda, chifukwa njinga ya magudumu atatu siyendapo, ndipo timagudumu takutsogolo tikakhala tosayang'anizana ndi akumbuyo timagwera pakati. Pokwera, njinga iyang'ane kutsogolo. Potsika, wothandizira atsogole chambuyo, iye ali kumunsi, kuti mwana asagwe chafufumimba.

Chikepe sankhani chonyamula makilogalamu 300 kapena kuposa. Malamulo a ku America amafuna osachepera 272, koma njinga yoyendera mabatire payokha ingapitirire makilogalamu 100, ndipo ana amakula. Mwana akakhala pa chikepe afulatire basi, mabuleki a njinga amangidwe, njinga ya mabatire izimitsidwe kuti dzanja lisagunde kachiwongolero, ndipo kachitsulo kotchinga magudumu kumapeto kwa chikepe kakhale katadzuka chikepecho chisananyamuke. Funsani wogulitsa akuonetseni mpope wa pamanja wotsitsira chikepe magetsi akafa, dalaivala ndi wothandizira aupope okha tsiku lomwelo. Khomo lisachepere masentimita 80 m'lifupi.

Tsopano za kumanga, pamene ndikufuna muwerenge mofatsa.

Mabuleki a njinga ya olumala anawapangira kuti njinga isayende munthu akamakwera pa bedi. Pa ngozi ya galimoto alibe ntchito. Akatswiri akamayesa njinga ndi malamba ake amaziwombetsa pa liwiro la makilomita 48 pa ola, ndipo mphamvu yake imafika kuwirikiza kulemera kwa chinthucho ka 20. Ndiye kuti mwana wa makilogalamu 30 pa njinga ya makilogalamu 20 amakoka ngati katundu wa makilogalamu 1,000. Palibe wothandizira amene angagwire zimenezo ndi manja, ngakhale atakhala wamphamvu bwanji, ndipo chingwe wamba kapena mphira womangira katundu zimaduka nthawi yomweyo. Pogula malamba yang'anani chizindikiro cha ISO 10542, chosonyeza kuti anayesedwa motero. Pa njinga yang'anani ISO 7176-19 kapena WC19. Njinga zoterezi zili ndi malo anayi okolapo, olembedwa kachithunzi ka ngowe.

Njinga iyang'ane kumene basi ikupita. Kuiika cham'mbali kumasunga malo, n'chifukwa chake ena amatero, koma ndi kakhalidwe koopsa kwambiri: basi ikaima mwadzidzidzi thupi limapindikira cham'mbali, khosi ndi msana zimapotoka, ndipo njinga yopinda ija imapindika mwana ali pomwepo. Malamba a njinga ndi anayi, awiri kutsogolo, awiri kumbuyo. Akumbuyo ndiwo amasenza mphamvu yaikulu basi ikawomba chinthu, choncho achoke pa njinga molunjika kumbuyo, atapendeka madigiri 30 mpaka 45 kuchoka pansi. Akutsogolo apendeke madigiri 40 mpaka 60 ndipo atambalale pang'ono kunja kuti njinga isagwedere cham'mbali. Ngowe ikolekedwe pa felemu yeniyeni, pamene zitsulo zinawotchereredwa, pafupi ndi msinkhu wa mpando. Isakolekedwe pa gudumu, popondera mapazi, poika mikono, kapena pa zitsulo zopingasa zopindira njinga, chifukwa zonsezi zimazuka kapena kupindika. Malamba asapotane, asapingasane, ndipo asadutse pa chitsulo chakuthwa. Mukakunga onse anayi, gwedezani njingayo ndi mphamvu. Ikasuntha kupitirira masentimita 5, yambiraninso.

Malamba abwino akakoledwa pa malo ofooka ndi chabe. Njanji zokolapo malamba zimangidwe ndi mabawuti obowola pansi pa basi, okhala ndi chitsulo chokhuthala kunsi kwake chogawa mphamvu. Misomali yopota yongolowa m'thabwa kapena m'lata imazuka. Muuzeni makaniko azigwada n'kuyang'ana kunsiko teremu iliyonse, chifukwa dzimbiri limayambira kumene maso safika. Njanjizo zizisesedwa tsiku lililonse. Mchenga ukadzaza timabowo, chokolera chimaoneka ngati chalowa pamene sichinatseke, ndipo vutoli limadziwika pokhapokha dalaivala akaponda mabuleki. Lamba wothothoka ulusi, wodontheredwa oyilo, kapena amene anakhalapo pa ngozi, atayidwe.

Njinga yamangidwa, koma mwana sanamangidwe. Apa ndi pamene masukulu ambiri amalakwitsa. Lamba uja amabwera ndi njinga, wa pachiuno kapena wa pachifuwa, ntchito yake ndi yothandiza mwana kukhala mowongoka. Sanapangidwire ngozi. Musamuchotse, koma pamwamba pake pabwere lamba wa galimoto wogwira pachiuno ndi paphewa. Wa pachiuno adutse m'munsi, akhudze ntchafu ndi mafupa a chiuno, atapendeka madigiri 45 mpaka 75. Akakwera pamimba, pa ngozi amaphwanya matumbo ndi chiwindi, ndipo mwana amapulumukira kunsi kwake. Chimene chimamukweza pamimba kawirikawiri ndi kumudutsitsa pamwamba pa moika mikono. Alowetsedwe pampata wa pakati pa moika mikono ndi chotsamira, afike pathupi penipeni. Wa paphewa adutse pakati pa phewa n'kupingasa chifuwa, osati pakhosi kapena m'khwapa.

Chotsamira msana chisagone kupitirira madigiri 30, apo ayi mwana amatsetserekera kunsi kwa lamba. Kathebulo ka panjinga kachotsedwe n'kumangidwa padera. Pakhale chotsamira mutu, makamaka kwa ana a minofu yofooka ya khosi. Kutsogolo kwa mutu wa mwana kukhale mpata wa masentimita 65 wopanda chitsulo, ndipo malo a njinga iliyonse asachepere masentimita 76 m'lifupi ndi 122 m'litali. Ine ndingakulangizeni kuwonjezera m'litalimo, chifukwa pamalo opanikizika malamba akumbuyo amaima chilili n'kulephera kugwira.

Malo a njinga m'basi ali ndi nkhani yakenso. Kumbuyo kwa matayala akumbuyo ndi kumene kumadumpha kwambiri pa maenje ndi mahampu. Mwana wa cerebral palsy, vuto la muubongo limene limasokoneza kayendedwe ka minofu, akadzidzimuka thupi limauma n'kudzikankhira kunja kwa mpando, ndipo mwana wa mafupa osachedwa kuthyoka angavulale popanda ngozi iliyonse. Ngati n'kotheka, malowo akhale pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo pambali pake patsale mpando wamba kuti mnzake akhalepo azicheza naye. Mwana woikidwa yekha kuseri kwa onse, pafupi ndi tayala lapadera, wakwera nawo basi koma sanayende ndi anzake, ndipo iye amadziwa zimenezo.

Ulendo usatalike. Yesetsani kuti mwana wa pa njinga asakhale m'basi kupitirira ola limodzi. Ana ambiri a spina bifida (obadwa ndi msana wosatsekeka bwino) ndi ovulala msana samva kuwawa kumatako, choncho sasuntha okha, ndipo kukhala malo amodzi nthawi yaitali kumayambitsa zilonda zimene zimatenga miyezi kuti zipole. Khushoni yawo isachotsedwe paulendo. Ambiri a iwo amatulutsa mkodzo ndi kapaipi pa maola atatu kapena anayi alionse, ndiye basi ikachedwa si nkhani yongotopa chabe. Ena matupi awo satuluka thukuta bwino, choncho asasiyidwe m'basi yoima padzuwa. Kulakwa kofala pokonza njira n'kwakuti mwana wa pa njinga amatengedwa koyamba n'kutsitsidwa komaliza chifukwa choti iye ndiye amachedwetsa. Potero amene thupi lake silipirira ulendo ndiye amayenda ulendo wautali kuposa onse. Ikani mphindi zisanu pa ndondomeko ya nthawi pa njinga iliyonse. Dalaivala amene sanapatsidwe mphindi zimenezi amamanga malamba awiri m'malo mwa anayi. Ndipo musalole kuti ana amenewa azitulutsidwa m'kalasi phunziro lomaliza lisanathe pofuna kuti basi inyamuke msanga. Mphindi 15 patsiku ndi ola limodzi ndi mphindi 15 pa sabata.

M'basimo mukhale wothandizira kupatula dalaivala, ndipo onse awiri aphunzitsidwe ndi manja pa njinga zenizeni za anawo. Azilankhula ndi mwana asanamugwire: amuuze kuti tsopano ndikumanga lamba, tsopano tikukwera. Njinga ili ngati mbali ya thupi lake, siikankhidwa osapempha. Mwana sanyamulidwa pomukoka m'khwapa kapena mikono, chifukwa mapewa ofooka amaguluka, ndipo ana ambiri a cerebral palsy ali ndi chiuno chosachedwa kuguluka. Wolemera anyamulidwe ndi anthu awiri, wina kumtunda wina kunsi kwa mawondo. Pa nkhani ya atsikana akuluakulu, afunsidwe amene akufuna kuti aziwathandiza. Komitiyo ifufuze bwino mbiri ya aliyense wolembedwa ntchito imeneyi, popeza mwana amene salankhula bwino sangathe kunena zimene zamuchitikira.

Konzekerani tsiku loipa. Pafupi ndi dalaivala ndi wothandizira pakhale kampeni kodulira malamba, kaja ka lumo lobisika, ndi bulangete lolimba lokokerapo mwana. Basi ikayaka moto simudikira chikepe: mumadula malamba a mwana, kumugoneka pa bulangete, n'kumukokera kukhomo mutu uli patsogolo, njinga n'kuisiya. Lembani kuti ndani atulutsa mwana uti, ndipo yesererani kawiri pachaka ndi ana onse. Mwana akagwa khunyu, basi iime pamalo abwino, mutu wake utetezedwe, asaikidwe kanthu m'kamwa, ndipo wina ayang'ane nthawi. Akapitirira mphindi zisanu, itanani achipatala. Ulendo uliwonse ukatha, dalaivala ayende mpaka kumpando womaliza asanatseke zitseko, chifukwa mwana wogona kapena wosatha kufuula amaiwalika mosavuta. Kambiranani lero lomwe zimene mudzachite tsiku limene chikepe chidzawonongeke. Kuuza mwana kuti akhale kunyumba mpaka chikonzedwe si yankho.

Potsikira pasukulu pakhale posalala, posaterera, pafupi ndi khomo limene ana onse amalowera, ndipo galimoto zina zisaimikidwepo. Kuchoka pamenepo kukafika m'kalasi ndi kuchimbudzi kusakhale masitepe. Rampu ya panyumba ndi yosiyana ndi ya basi: pa sentimita imodzi yokwera pamafunika masentimita 12, kuti mwana azikwera yekha.

Mwanena kuti ena m'komitimo akuona ngati zimenezi ndi chifundo chodula. Akumbutseni Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali la m'chaka cha 2006. Gawo 9 limatchula mayendedwe mwachindunji, ndipo Gawo 24 limanena za maphunziro ophatikiza ana onse. Ngati ndalama sizikukwana zonse nthawi imodzi, yambani ndi njanji, malamba ndi maphunziro a ogwira ntchito, pa galimoto yofupika imene rampu ingakwanire. Chikepe chidzabwera pambuyo.

Mukandiyankha munditumizire kutalika kwa pansi pa basi imene mukuiganizirayo, kukula kwa khomo lake, ndi zithunzi za njinga za anawo zojambulidwa cham'mbali ndi chakumbuyo, zopanda anawo, kuti tione malo okolapo ngowe pa iliyonse. Perekani moni kwa onse kunyumba.

Ndatha ine,
Mnzanu