Za mbewa, malungo ndi njoka za m'mimba

Akonzi,

Ndipatseniko malo ndifotokoze nkhani imene ena amaimva molakwika, yoti njoka za m'mimba kapena likodzo zimateteza munthu ku malungo. Mbali ina ya mfundoyi imachokera ku kafukufuku wa pa mbewa za mu labotale, koma si momwe ilili.

Akatswiri amagawa mbewa m'magulu anayi: lopanda matenda, la malungo okha, la njoka zokha, ndi la zonse ziwiri. Njoka zimayamba kulowetsedwa. Mbewa imamwetsedwa mphutsi pafupifupi 200 za Heligmosomoides polygyrus, njoka ya m'matumbo a mbewa, ndipo pakatha masabata awiri imabayidwa magazi okhala ndi tizilombo ta malungo. Tsiku lililonse amatenga kadontho ka magazi kunsonga ya mchira, kupaka pagalasi, kuthira utoto wa Giemsa ndi kuwerenga pa maikulosikopu maselo ofiira amene alowedwa.

Zotsatira zake zimatengera mtundu wa malungo. Zikabayidwa tizilombo ta malungo totchedwa Plasmodium chabaudi, mbewa zakuda za mtundu wa C57BL/6 zimadwala koma nthawi zambiri zimachira zokha. Zikakhala ndi njoka, tizilombo timachuluka m'magazi ndipo zina zimafa. Chifukwa chake n'chakuti njoka zimakokera chitetezo cha thupi ku mbali yolimbana ndi njoka, yotchedwa Th2, pomwe kugonjetsa malungo kumafuna mbali ina yotchedwa Th1 ndi interferon-gamma, puloteni yodzutsa chitetezo cha thupi.

Plasmodium berghei ANKA ndi mtundu wina wa tizilombo ta malungo. Mtunduwu umapha mbewa zomwezo pasanathe masiku 10, ubweya utanyankhalala, zikuphupha, chifukwa chitetezo chimachita kupyola muyeso n'kutupitsa ubongo. Apa likodzo la m'matumbo, lotchedwa Schistosoma mansoni, nthawi zina limaziziritsa kutupako, mbewa n'kupulumuka malungo a mu ubongo. Koma tizilombo ta malungo sititha, ndipo popanda mankhwala mbewayo imafabe pambuyo pake magazi atatha.

Nthawi nayo imasokoneza. Likodzo limayamba kuikira mazira pakatha masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo mazirawo ndiwo amadzutsa Th2. Kubaya malungo mazira asanayambe ndi kubaya atayamba, mayankho amasiyana.

Mbewa ya m'khola loyera, yodya mokhuta, si mwana wosambira ku Nkhata Bay amene magazi ake ndi ochepa kale. Ndikupempha makolo kuno ku Mzuzu kuti asabise ana tsiku logawa mankhwala a njoka (albendazole) ndi a likodzo (praziquantel) kusukulu. Azachipatala nawo, mwana akamabwerabwera ndi malungo, m'maso muli mbuu, ayezenso chimbudzi ndi mkodzo, asalekere pa kubaya chala pokha.

Wowerenga wanu,
Mzuzu