Mulu wa manyowa usakhale m'mphepete mwa dambo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi alimi a kuno ku Mchinji mvula isanagwe. Ambiri amaunjika manyowa pafupi ndi dambo poti madzi othirira ali pomwepo. Mvula yoyamba ikagwa, pansi pa mulu pamatuluka madzi akuda ngati tiyi n'kutsetserekera mumtsinje. Madzi amenewo ndiwo chonde chenichenicho. Mlimi amatsala ndi mapesi osukuluka, pomwe mumtsinje mumachuluka ndere zimene zikamaola zimamaliza mpweya wa nsomba. Tisaiwale kuti Bua amayambira kuno, nadutsa Kasungu ndi Nkhotakota, ndipo ndi mtsinje umene mpasa zimakwera kukaswana.

Mulu ukhale pamalo okwera, pamthunzi, mamita osachepera 30 kuchokera kumtsinje kapena pachitsime. Kumtunda kwake kumbani kangalande kopatutsa madzi. Yalani mapesi odula tizidutswa kufika masentimita 20, ndowe masentimita 5, phulusa pang'ono ndi dothi lapamwamba, n'kumabwereza mpaka mulu ufike m'chiuno. Pothirira musachite kukhuthula ndowa. Finyani manyowawo m'dzanja: azinyowetsa chikhatho, osati kuchucha. Mulu ukamanunkha ngati dzira lovunda ndiye kuti madzi achuluka ndipo mpweya sukulowa, choncho utembenuzeni n'kuwonjezera zouma. Zikani ndodo pakati. Ikatuluka yofunda pakatha masiku atatu, zinthu zili bwino. Pamwamba fundikani udzu kapena pulasitiki yakale.

Kumunda, manyowa omwaza pamwamba amapita ndi madzi. Akwirireni mumzere kapena m'mapando. Mizere itsate akalozera, mizere ikuluikulu yoyezedwa mopingasa kutsetsereka kwa munda, ndipo muitseke pakatipakati kuti madzi azilowa pansi.

Vetiva, udzu wobzala m'mizere kuti nthaka isakokoloke, ndi amene timamulakwira kwambiri. Ena amamubzala motalikana ngati chimanga, kenaka n'kumati sagwira ntchito. Mipata ikakula, madzi amapanikizana n'kudutsa pomwepo mwamphamvu, mapeto ake chigwembe. Bzalani timaphata tiwiri kapena titatu paphando, motalikana masentimita 10 mpaka 15, nthaka itanyowa bwino, ndipo pamene pafa bwezeranipo msanga. Mzere wina wa vetiva udutse kumunsi kwa khola la ng'ombe.

A nazale za fodya ndi a madimba, chonde siyani kachigawo ka udzu ndi bango pakati pa mabedi ndi madzi, musalime mpaka pagombe. Mpope wopoperera mankhwala tsukirani kumtunda, m'dzenje lakelake, osati pamene amayi amatunga.

Wowerenga,
Mchinji